Fodya wa Che Saizi Sankazima Panjira

Tsiku lina, itatha swala, pemphero la masana, Che Saizi, mwini chigayo wa ku Ntaja, anafika kwa Shehe Amidu atapsa mtima. Anawapeza akusoka mkeka wa mumzikiti, ntchito imene sankalola kusiyira ophunzira awo. Che Saizi anali munthu woti akamalankhula safuna wina atsokomole.

Atapatsana salamu, iye anati, "Shehe, mwana wanga Lajabu wandivula ulemu. Zaka khumi ndi zitatu zokha, koma ndamupeza akusuta fodya kuseri kwa chigayo. Ndikupempha kuti mawa mumukwapule pamaso pa anzake ku madrasa. Akapanda kusiya, pakhomo panga achokepo."

Shehe anapitiriza kusoka. "Pepani ndithu, Che Saizi. Kodi inuyo mumasuta?"

"Ine ndine wamkulu, Shehe. Ndimasuta wanga wopichira, ndipo sindinamupatsepo."

"Ndamva. Nanga mumayatsa ndi chiyani?"

Che Saizi anaseka, poliyesa funso lachibwana. "Ndimatuma mwana kukayatsa pamoto kukhitchini."

"Mwana wake uti?"

"Lajabu yemweyo, chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

"Khitchiniyo ili pafupi ndi khonde?"

"Ayi, ili kuseri kwa khola la mbuzi."

"Ndipo fodyayo amafika asanazime?"

"Sanazimepo ndi tsiku limodzi lomwe," anayankha monyadira.

Mawuwo atangotuluka, anazindikira chimene wanena. Wosuta aliyense amadziwa kuti fodya wopichira ukapanda kumukoka amazima. Che Saizi anakaona m'maganizo kamwana kake kakudutsa pakhola paja, kakukoka utsi kuti bambo asakalipe. Anachita manyazi, ndi mantha omwe, kuti nkhalamba imene sinapondepo pakhomo pake yamuonetsa chinthu chomwe iye ankachipenya m'mawa uliwonse osachizindikira.

"Shehe, ndichite chiyani?" anafunsa ndi mawu otsika.

Apo m'pamene Shehe anaika singano pansi.

"Mwanayo sanakunyozeni, Che Saizi. Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akumeza utsi chifukwa chokumverani. Mwana womvera chotero ine sindingamukwapule. Pitani mukamupepese, ndipo mukamupemphe kuti musiyire limodzi. Kusuta anaphunzira pa fodya wanu. Allah akalola, kusiya adzaphunziranso kwa inu."