Khomo la aNankhoma

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Ankagwira ntchito pa kampani ina yaikulu ya kunja, yomanga masukulu ndi zipatala m'mayiko ambiri. Kampaniyo inali ndi lamulo lake: usanagwire pensulo, khala pansi ndi eni malo, uwafunse mmene amakhalira. Yotamu ankalitsata ndithu. Kwa eni akeko ankafunsa ngakhale kumene mphepo imachokera.

Atapeza bwino, anaganiza zomangira mayi ake, aNankhoma, nyumba kwawo ku Mponela. Koma uku sanafunse munthu. Mayi ako omwe n'kuwafunsanso? Anajambulira kutali komweko, n'kutumiza pulani kwa amisiri.

Nyumba inatuluka yokongola, inu! Zipupa zochindikala kuti muzizizira bwino, kuwala kolowera kudenga. Khomo lokha analichepetsa, n'kuikapo kanjira kokhota polowera, ati fumbi lisamalowe.

Tsiku lowalowetsa, mayiwo anayeza khomolo ndi mikono, nati, "Mwanangu, khomoli lachepa."

Iye anaseka. "Amayi, ndi kuonda kwanuku? Mungakwane awiri!"

"Lero ndikwana," anatero mayiwo. Sanabwerezenso.

Patapita zaka, aNankhoma anamwalira kuchipatala. Yotamu anabwera pa ndege, mtima uli wosweka. Paja kwathu kuno maliro amagona m'nyumba mwawo, azimayi atawazungulira. Koma bokosi litafika pakhomo paja, linakana kulowa. Adzukulu analipendeketsa uku, kulipendeketsa uko, ayi ndithu, kanjira kokhota kaja sikanalole. Analitsitsa pabwalo, padzuwa, azimayi n'kumalirira pomwepo. Mwini nyumba anagona panja ngati mlendo.

Apo m'pamene Yotamu anamva zimene mayi ake ankanena tsiku lija. Anabwereka hamala yaikulu, n'kuyamba kugumula yekha khomo lija, misozi ili chuchuchu. Ena atafuna kumulandira, anakana. Mpata utakwana anagwada m'fumbi momwemo, nati, "Lowani amayi, ndamva tsopano."

Analowa, inde. Koma mawu amenewo sanawamve.

Abale anga, kufunsa timasungira alendo, akwathu timati timawadziwa kale. Ngati muli ndi kholo likadali ndi moyo, pitani mukakhale nalo pansi. Likakuuzani kuti khomo lachepa, musaseke. Lifunseni kuti likutanthauza chiyani, lidakali ndi pakamwa poyankhira.