Mmisiri wa Matabwa ndi Mizere Yofiira

Panali munthu wina, mmisiri wa matabwa, amene mayi ake anamwalira. Nthawi yomanga chiliza itayandikira, abale ake anati, "Inu achimwene ndinu oyamba kubadwa. Mulembe mbiri ya amayi, tiisindikize, aliyense wobwera akatenge yake."

Mmisiriyo anali asanagwirepo kompyuta. Anakana kupatsa wina ntchitoyo, poopa kuti munthu wosawadziwa mayiwo angalembe mbiri mopanda mtima. Ndiye anakalembetsa ku tchalitchi kwawo, kumene mayi wina ankaphunzitsa akuluakulu kutayipa.

Zala zake zozolowera sowo ndi nyundo zinkadina mabatani awiri pa nthawi imodzi. Komabe iye anali munthu wokonda kudziwa mmene chinthu chapangidwira. Anaphunzira batani lalitali losiyira mpata pakati pa mawu, lina lokulitsira chilembo, ndi lina lofufutira. Lofufutirali linamudabwitsa kwambiri, chifukwa thabwa ukalidula molakwika silibwereranso. Anaphunziranso kusunga zimene walemba magetsi asanathime.

Tsono anayamba mbiri ija. Analemba kuti, "Nankhoma anali mwana wachitatu m'banja lawo." Atakweza maso, anaona kuti pansi pa mawu ake pali timizere tofiira, tokhotakhota ngati nyongolotsi. Anakumbukira cholembera chofiira cha aphunzitsi ake a kupulayimale, chimene chinamuthawitsa sukulu ali wamng'ono. Anafufuta zonse, nalembanso mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Timizere tinabweranso.

Munthu wokhala naye pafupi anamuuza kuti akadina pa mawu ofiirawo, kompyuta imupatsa olondola. Iye anadina pa "mwana". Kompyuta inamupatsa "bwana". Anavomera, ndipo mzere wofiira unachokadi. Anapumira m'mwamba.

Koma atawerenganso, anangoti kakasi. "Nankhoma anali bwana wachitatu m'banja lawo." Mayi ake anakalamba ndi khasu m'manja, akugulitsa masamba pamsika, ndipo palibe anawatchapo bwana. Akanasindikiza zimenezo, anthu pamanda akanagwira pakamwa kubisa kuseka, ndipo zidzukulu zikanasunga bodza.

Anadzifunsa kuti, "Kodi chinthuchi chikudziwa chiyani kwenikweni?" Anaganiza zochiyesa monga amayesera thabwa asanakhome msomali. Analemba dzina lake lenileni, limene wakhala akulemba moyo wake wonse. Linafiira. Analemba dzina la mudzi wawo. Linafiiranso. Kenaka analemba mawu awiri a Chingerezi amene ankawaona pa chitini cha guluu. Amenewo anakhala oyera, opanda mzere.

Anakweza dzanja, ngakhale ankachita manyazi.

"Aphunzitsi, pepani. Kodi kompyutayi imamva Chichewa?"

Mphunzitsi uja anabwera, nawerenga, naseka pang'ono. "Ayi bambo. Imeneyi anaiika mawu a Chingerezi okha. Mawu alionse amene sikuwadziwa imawadula mzere."

"Ndiye kuti sikunena kuti ndalakwa?"

"Ikungonena kuti sikuwadziwa. Koma bwanayu mwamutenga kuti?"

"Yandipatsa ndi yomweyi."

Mphunzitsiyo anamuonetsa pozimitsira timizereto, nati, "Tsopano mudziwe kuti wokuyang'anirani palibe. Muziwerenga nokha."

Mmisiri uja anafufuta "bwana" nabwezera "mwana". Analemba mbiri yonse mpaka kumapeto, kenaka anaiwerenga chapansipansi, chala chili pa galasi la kompyuta. Anapeza pamene analumpha chilembo m'dzina la mng'ono wake, ndi pena pamene analemba mawu amodzi kawiri. Zolakwa zenizenizo zinali zitabisala pakati pa mizere yofiira yambirimbiri ija. Anazikonza.

Pa tsiku la chiliza, mng'ono wa malemuwo, amene anali atakalamba kwambiri, anapempha mdzukulu kuti amuwerengere pepalalo. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Anati, "Ndi iyeyu ndithu mkulu wanga. Simunawonjezere, simunachotsere."

Inu amene mukuyamba kuphunzira, mudzakumana ndi zokudulani mzere zambiri, makina ndi anthu omwe. Musafulumire kufufuta zimene mukuzidziwa bwino. Yambani mwafunsa kuti wokudzudzulaniyo akudziwa chiyani. Mukapeza kuti chinenero chanu sachimva, musamulole kukusinthirani mawu. Koma musanyadenso, chifukwa zolakwa zanu zenizeni zikadalipo, ndipo wozifufuza tsopano ndinu.