Waya Wodutsa m'Nyumba ya Chisoni

Pachipatala china panali kachipinda kopanda zenera momwe munkakhala kompyuta yoyendetsa mafiriji osungira magazi. Katswiri wa makina ankalankhula nayo ali muofesi mwake, kudzera pa waya mmodzi wodutsa m'nyumba ya chisoni. Ikauma mutu, ankaitumizira chizindikiro choidzidzimutsa: wayayo ankati zii kwa kamphindi, iyo n'kusiya zonse n'kudikira lamulo.

Ndiye kunayamba malodza. Dzuwa likuswa mtengo, chipinda chili chokhoma, kiyi ali m'thumba mwa katswiri, kompyuta inkangoima yokha n'kulemba kuti yaitanidwa. Waiitana ndani? Anamwino anayamba kunong'onezana, ena n'kumalambalala khonde limenelo.

Tsiku lina bambo wosamala mitembo, munthu wosalankhulalankhula, anaima pakhomo pa ofesi.

"Achimwene, ndakhala ndikuona. Tikangolowetsa maliro, inu mumatuluka mukuthamanga. Tiyeni tikamutsate wayayu kwathuko."

Katswiri anaseka mokweza. "Madala, inu samalani ogonawo, makina mundisiyire ine."

Kunena zoona, katswiriyo ankaopa kuponda m'nyumbamo. M'malo mwake anatsegula pulogalamu ya kompyutayo, napeza mizere yomwe imamvera chizindikiro chija, n'kuifufuta yonse. "Aitane mpaka mawu asase!" anatero akupukusa mpando. Masabata awiri kunali bata, iye n'kumayenda mapewa m'mwamba.

Loweruka lina kukutentha koopsa, kompyuta inaumadi mutu ndipo mafiriji anazima. Katswiri anatumiza chizindikiro. Zii. Anatumizanso. Zii. Anaizimitsa n'kuiyatsa, koma inadzuka n'kukaumanso pomwepo, yosamva kanthu monga anaipangira mwini wake. Pomwe ankamaliza kuimasula ndi kubwezeretsa mizere ija, magazi onse anali atafunda, oyenera kutayidwa.

Kuchipinda chochilira kunali mayi wina amene anataya magazi ambiri pobereka. Anamukweza ambulansi kuti akathandizidwe kutali, koma galimotoyo inabwerera pang'onopang'ono, yosaliza belu.

Katswiri anapezeka akutsatira machira mpaka kunyumba ya chisoni. Bambo wosamala mitembo uja anatsegula zitseko zonse ziwiri kuti machira alowe, naloza kuseri kwa chitseko chakumanzere. Wayayo anali pomwepo, woswekasweka. Chitsekocho, chomwe chinkatsegulidwa polowetsa maliro pokha, chinkamupana kukhoma, kompyuta n'kumayesa yaitanidwa. Kumukhomera patali ndi chitsekocho inali ntchito ya misomali iwiri basi.

"Gwirani chitsekochi, achimwene," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Mayiwa adutse."

Anachigwira, misozi ili chuchuchu, kumbuyo kwake kukumveka kulira kwa khanda lomwe namwino anali atanyamula. Akuluakulu sananame: samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.