Tsiku Limene Thadzi Anathamangira Madeya

Nkhaniyi ndinaimva kwa malemu a Nagama, mnzanga wa ku Mvano, Mulungu ausitse mzimu wawo. Tinali pakhonde pawo tikutongola chimanga pamene mdzukulu wawo anabwera ndi dzira lofewa m'manja, akufunsa ngati nkhuku yalodzedwa. Ndiifotokoza monga anaifotokozera iwo.

Kalekale mbalame zonse zinkaikira mazira opanda chigoba. Zinkapita nawo kwa Nkhono, woumba wa m'dambo, kuti akawamate dothi loyera. Koma Nkhono ankachedwa, ndipo mazira a Thadzi, mayi wa nkhuku, ankaphulika akudikira pamzere. Chaka chinatha Thadzi alibe mwanapiye ndi mmodzi yemwe.

Tsiku lina Thadzi ndi Nkhanga anagwada kwa Nkhono. "Tiphunzitseni, mayi, tizimata tokha."

"Chabwino," anatero Nkhono. "Koma kwathu wophunzira kuumba sanyamuka mpaka atamuonetsa pokumba dothi. Ndipo malowo timaonetsa kamodzi."

Anayamba ndi kukanya, kenako kumata. Dzuwa litapendeka, Thadzi anamva lichero likulira kumudzi. Mayi wa pakhomo pake anali kupeta.

"Madeya akugwa uko," ananong'ona.

"Khalani pansi, achemwali," anatero Nkhanga. "Mimba yanuyo sithawa."

"Inu a kutchire mumadziwa chiyani za madeya? Ndibwera pompano."

Pobwerera, atakhuta, anapeza phunziro latha. Nkhanga anali atauluka, Nkhono atalowa m'nyumba mwake.

"Odi, mayi! Dothi lija timakumba kuti?"

Thadzi anagogoda panyumbapo.

"Ndangochoka pang'ono chabe!"

"Kamodzi, ndinatero," anayankha Nkhono ali m'kati.

Thadzi anapsa mtima najompha nyumbayo. Kachidutswa kanabenthuka, iye n'kukameza. M'mawa mwake anaikira dzira lolimba, loyamba m'moyo wake, ndipo patapita masiku linaswa mwanapiye. Koma Nkhono sanamulankhulenso.

Apa a Nagama anatenga dzira lija m'manja mwa mwanayo, nati:

"Ndi chifukwa chake lero dzira la nkhanga ndi lolimba ngati mwala, pamene nkhuku imangopalasa paliponse kufunafuna dothi lija. Ikatola kamwala koyera kapena kachigoba ka nkhono, imaikira bwino. Ikasowa, imadumpha masiku, kapena imaikira lotere. Palibe wailodza, mwanawe. Pita kudambo ukatole zigoba zouma, uzisinje, uzisakanize ndi madeya. Inathawa phunziro, koma ndi yathu."