Pumbwa ndi Nkhani za Amawanga

Kalekale, nyama zikadalankhula, kudera lina la mapiri kunali chitsime chimodzi chokha. Pambali pake panali mkuyu, ndipo mu mkuyumo munkatera Pumbwa, wolengeza nkhani. Zimene wanena Pumbwa, nyama zinkangoti ndi zomwezo.

Tsiku lina Fisi anaba mwana wa mbuzi. M'mawa Pumbwa anafuula: "Tamverani! Amawanga aba mbuzi!"

Tsiku lina Nyalugwe anamenya Nguluwe pamowa. M'mawa Pumbwa anafuula: "Tamverani! Amawanga ayambanso ndewu!"

Tsiku lina Nkhanga, mayi wa anapiye asanu ndi awiri, anaona nsato ikuzembera mwana wa Gwape. Anakuwa, anakuwa, mpaka mwanayo anathawa. M'mawa Pumbwa anati: "Mbalame ina yachitako bwino dzulo."

"Mbalame ina?" anatero Nkhanga. "A Pumbwa, mawanga angawa dzulo simunawaone?"

"Mayi, nkhani yabwino sidzutsa ogona," anayankha Pumbwa.

Basi nyama zinapangana kuti wamawanga aliyense asamwenso pachitsime, ndipo zinaika Njati kuti azilondera. Fisi ndi Nyalugwe anangoseka, ulendo wa kumtsinje. Koma mtsinjewo unali kutali, dzuwa linali la chilimwe, ndipo anapiye a Nkhanga miyendo yawo inali ngati udzu. Anayamba kuyasamula kukamwa ndi ludzu.

Tsono inu mukudziwa mmene Pumbwa amakondera tsabola. Nkhanga anapita pansi pa mkuyu.

"Alamu, kuseri kwa chulu uko kwapsa tsabola wa kambuzi. Psuu! Wopanda mwini."

Pumbwa anadya, anadya, anadyanso. Pofika m'mawa mawu anali atatsekeka. Tsiku lomwelo Khwangwala anali ataba chimanga cha Nyani, ndiye Nkhanga anakwera mu mkuyu kukathandiza mnzake wodwala kulengeza nkhani.

"Tamverani! Amitu yakuda aba chimanga!"

Pumbwa, pakhosi pali moto, anaulukira kuchitsime. Njati anamutsekereza ndi nyanga.

"Bwerera! Mutu wakowo ndi wotani?"

"Wakuda, achimwene," ananong'ona Pumbwa, "koma wakuba ndi Khwangwala. Ali ndi dzina lake ameneyo."

"Ooh, ali ndi dzina?" anatero Nkhanga ali m'mwamba. "Nanga Fisi, makolo ake anaiwala kumutcha?"

Nguluwe anaphulika nako kuseka. Gwape anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Anzanga, mwana wangayu anamupulumutsa ndi mayi awa, osati mbalame ina." Njati anakanda pansi ndi chiboda, manyazi atamugwira, napatuka.

Anapiye aja anamwa mmodzimmodzi, onse asanu ndi awiri, osafulumira. Pumbwa anadikira pambuyo pawo, lilime lili panja, ndipo anamwa womalizira.

Nthano yanga yathera pompa. Kaphuleni mbatata zanu zisanapserere. Koma mukamapita kumbukirani: wolakwa mutchuleni dzina lake, musatchule mtundu wake, pakuti mtundu suba mbuzi.