Makhadi a ukwati wa Belinda

Mayi Felistus a ku Glen Norah anali ndi kashopu kosindikiza makhadi ku Machipisa, ndipo mwezi umenewo ankangoyimba okha ndi chimwemwe, poti mwana wawo Belinda ankakwatiwa ndi Tadiwa wa ku Warren Park. Mkamwiniyo ankamukonda zedi, koma abale ake ayi ndithu. "Achuluka ngati nyerere," ankatero uku akuwafufuta pa mndandanda wa oitanidwa. Ngakhale azakhali a mkwati, a Dolly, anafufutidwa.

Makhadi a ukwatiwo ankafunika kugawidwa Lamlungu kutchalitchi. Kompyuta yawo inkayendera Linux, mapulogalamu aulere aja amene amasamalidwa ndi anthu ongodzipereka. Atamva kuti pulogalamu yatsopano yojambulira ili ndi zilembo zonyezimira ngati golide, mtima unakana kudikira. Kompyuta inachenjeza kuti pulogalamuyo imadalira timapulogalamu tinzake tambirimbiri, ndipo tonseto tiyenera kubwera limodzi.

"Ine ndaitana mlendo mmodzi, osati mudzi wonse," anatero mayiwo. Anakatenga yokhayo pa intaneti n'kuikakamiza kulowa.

Basi, inakana kutseguka. Yakale imene ankagwiritsa ntchito inali itapita, printa nayo inangoti zii. Anazimitsa kompyutayo, anayatsa, anaimenya khofi, koma ayi. Lachisanu linawapeza atagwira tsaya.

Belinda anauza Tadiwa, ndipo Tadiwa anatuma azakhali ake. Kani a Dolly anali mmodzi wa odzipereka aja, olongosola kuti pulogalamu iti imafuna iti. Anatsika minibasi ya kombi, analonjera bwinobwino, n'kukhala pakompyutapo.

"Asewere, mwatenga mkamwini n'kuthamangitsa abale ake," anatero akumwetulira. "Iyi siyenda yokha. Zilembo imabwereka kwa uyu, mitundu kwa uyo, ndipo onsewo azikhala amsinkhu umodzi."

Anayamba asunga makhadi onse pa fulashi, anachotsa yokakamizidwa ija, kenaka analola gulu lonse kulowa mwa dongosolo lake. Tiyi asanazizire, printa inakhosomola n'kulavula khadi loyamba, golide ali waliwali. Mayi Felistus anaimba nthungululu mpaka ogulitsa tomato panja anasuzumira.

A Dolly anayang'ana maina a oitanidwa pakompyutapo, anatsika nawo mpaka pansi. "Nanga ine mwandisiya kuti ndizilondera shopu?"

Manyazi anawagwira mayi Felistus, koma poona mnzawoyo akufa ndi phwete, nawonso anaseka mpaka misozi. "Ndakulakwirani, asewere. Dzilembeni nokha, ndi onse akwanu. Mipando tikabwereka."

Tsiku la ukwati a ku Warren Park anadzaza bwalo mpaka kumsewu, anaponda maluwa a mayi Felistus, ndipo ndi iwonso amene anaphika, anatsuka mbale ndi kuvina mpaka fumbi koboo. Pakati pawo mayi Felistus anali atamanga chitenje m'chiuno, akuvina ndi a Dolly. Anali atamvetsa tsopano kuti walira mvula walira matope.