Mtsuko wa aNagama ndi Nkhono Zachilendo

Kalekale, msewu usadafike ku Chikonde, kudali dambo limene linkabala mpunga wa fungo. Inu a masiku ano mpunga umenewo simuudziwa, ndipo ndikakufotokozerani muziti ndikuthira mchere. Mayi akautereka pamoto, munthu wodutsa m'njira ankakumbukira mwadzidzidzi kuti pakhomopo ali ndi moni woti apereke. Ana ankautafuna wauwisi pamtondo mpaka kukwapulidwa, mawa lake n'kubwereranso. Zidali zaka zokoma zimenezo, ndipo amene adazionako amazilirabe.

Mbewu ya mpungawo inkasungidwa ndi mayi wina wamasiye, aNagama, munthu wamfupi, wapakamwa pakuthwa. Adailandira kwa amayi awo mumtsuko womata ndi dothi, pamodzi ndi lamulo lake: msungi wa mbewu ndi mmodzi, ndiye amasankha yekha ngala zabwino chaka ndi chaka, ena n'kumatapa kwa iye. Ikasungidwa m'manja ambiri imasakanikirana ndi ina, fungo n'kuthawa.

Chaka china madzi adasefukira kuchokera kumtunda, ndipo ataphwera adasiya alendo m'dambomo: nkhono zikuluzikulu ngati chibakera, zoikira mazira ofiira pamabango. Palibe adaziwonapo chibadwire. Anthu ankawokera mbande lero, mawa n'kupeza madzi okhaokha. Adazitola m'madengu n'kukazitaya kutchire, koma mvula ikagwa zinkabwerera. Abakha adazidya mpaka kufika pozilambalala. Zoti munthu n'kuzidya, palibe adaganizako, pakuti wa ku Chikonde sankadya nkhono. Ngakhale mphika woti nkhono yakwawapo ankauponya kudzala.

Zaka ziwiri zidatha mpunga osakololedwa, ndipo mumtsuko wa aNagama mudatsala theka. Iwo ankadziwa kuti mbewu ikagonera mvula zitatu siimeranso. Akafesa, nkhono zidya. Akapanda kufesa, ifera momwemo. Ankati akatsegula mtsukowo n'kununkhiza, misozi inkalengeza, chifukwa zinkawapweteka kuti mpunga wa amayi awo uthere m'manja mwawo.

Tsiku lina masana, akupeta gaga pakhonde, adaona mkamwini wawo Kachingwe akubwera ndi mbale yotsuka. Adaima patali monga achitira mkamwini, n'kunjuta, maso ali pansi.

“Ndabweza mbale, mayi. Ndiwo zija ndadya, ndathokoza.”

“Ndiwo ziti?” adafunsa aNagama.

Kachingwe adangoika mbaleyo pansi n'kupita kukagona pansi pa mtengo wa mango, manja ali pamimba. ANagama sadatumize ndiwo kwa munthu aliyense tsiku limenelo. Adaitana mwana wawo Sekanawo, mkazi wa Kachingwe, ndipo atamupanikiza nkhani yonse idatuluka.

Sekanawo adali atakangana ndi mwamuna wake. Kachingwe adati watopa kutola nkhono zosatha, msana wake si wa bulu, ndipo m'mawa umenewo adakana kupita kudambo. Mkaziyo mtima udamuwira, n'kuti mumtima mwake, “Poti wakana kuzitola, azidya.” Koma kuti mwamuna asazindikire, zidafunika ntchito. Adazichotsa m'zigoba, kutaya matumbo, kuzitikita ndi phulusa mpaka kuterera konse kudatha, kuziwiritsa kawiri akutaya madzi, kenaka kuziduladula n'kutendera nsinjiro. Popereka adati, “Izi zachokera kwa apongozi anu.” Ankadziwa kuti mkamwini safunsa dzina la ndiwo yochokera kwa apongozi, ndipo sabweza mbale ili ndi kanthu.

Kachingwe adazizindikira pa nthongo yoyamba. Munthu woti wazitola zaka ziwiri angalephere bwanji? Adayang'ana mbale, adayang'ana nyumba ya apongozi, n'kuona kuti kufa ndi m'mimba kuli bwino kusiyana ndi kutchuka kuti mkamwini wa kwa aNagama adanyoza mbale. Adadya zonse, kunyambita ndi msuzi womwe, ndipo pansi pa mango paja ankadikira imfa. Dzuwa lidapendeka, imfa osabwera. Anthu adamuona akudzuka, kudzigwiragwira, kenaka kupita kukhitchini kukafunsa chapansipansi ngati mumphika mudatsalako.

ANagama adakalipira mwana wawo mpaka nkhuku kuthawa pabwalo, chifukwa chogwiritsa dzina lawo pa chipongwe. Koma madzulo ake adalawako okha, ndipo adazindikira kuti adani a mpunga aja angathe kudyedwa.

Banja limodzi silingadye dambo lonse. Atauza anansi, anansiwo adalavula malovu n'kumati njala yawapengetsa a kwa aNagama. Apa mpamene adalowerera Nditani, mwana wa mng'ono wawo wa aNagama, katswiri wofulula mowa. M'nkhokwe mwake mudatsala mawere ochepa oti adye ndi ana ake mpaka kukolola. Adawatsitsa onse, kufulula, n'kulengeza dima. Dima ndi ija anthu amasonkhana kulima munda wa mnzawo, malipiro ake chakudya ndi mowa. Koma dima ya Nditani idalibe makasu: aliyense abwere ndi dengu, akatole nkhono. Mowa udali utasowa m'mudzimo kwa zaka ziwiri, choncho anthu adabwera onse, ndi opunduka miyendo omwe.

Atabwerako kudambo, matope mpaka m'mawondo, adapeza Sekanawo atadzaza miphika isanu. Nditani adakhala pamtsuko wa mowa, chipanda chili m'manja.

“Mwambo mukuudziwa,” adatero. “Pa dima timayamba n'kudya chimene mwini waphika. Wosadya, chipanda sichimudziwa.”

Amuna adayang'anizana. Kachingwe adatapa poyera n'kumatafuna mosafulumira kuti onse aone kuti ali moyo. Mmodzi adatsinzina n'kumeza, wina n'kutsatira, ndipo dzuwa lisanalowe amayi adali atamuzungulira Sekanawo kufunsa kuti phulusa lake n'lochuluka bwanji. Kuyambira tsiku limenelo nkhono zidasanduka ndiwo. Ankazitola m'mawa, kuzifutsa, kuziyanika padenga, ena mpaka kukanganirana malire a potola. Pofika nthawi yofesa, munthu ankayenda dambo lonse osadzaza nsengwa.

ANagama adafesa theka lija. Mbande zidamera, adaziwokera, ndipo zidakula osadyedwa. Tsiku limene adasinja mpunga woyamba, adakhala pansi pafupi ndi mtondo n'kulira mokweza, akutchula dzina la amayi awo.

Koma pokolola paja adazindikira chinthu china. Maso awo adali atachita khungu, moti ngala yabwino ndi yopepera zinkaoneka chimodzimodzi. Nthawi yopereka mtsuko idali itakwana, ndipo adafuna kuupereka kwa amene adapulumutsa mbewuyo. Adaitana atatu aja pakhonde.

Sekanawo adati, “Mayi, nkhono yaiwisi ikadamupha munthu kapena kumusanzitsa. Idasanduka ndiwo m'manja mwanga.”

“Udaphika kuti ukhaulitse mwamuna wako,” adatero aNagama, “ndipo udanama m'dzina langa. Mpunga sudali m'mutu mwako.”

Kachingwe, ali chonjuta patali, adati, “Ndikadakankha mbale ija, zikadathera kudzala. Ine ndidaika moyo wanga.”

“Udadya chifukwa cha manyazi. Ndiponso m'mawa womwewo udakana kupita kudambo. Komanso mlendo ndi mame. Ukwati ukatha, mtsuko wa amayi anga upita nawo kwanu?”

Nditani adati, “Awiriwa akadadya mpaka kukalamba, nkhono osatha. Ine ndidadyetsa mudzi wonse, ndipo ana anga adagona ndi njala chifukwa cha mawere aja.”

“N'zoona. Tsono tandiuza, mwana wa mng'ono wanga, nkhono imakoma bwanji?”

Nditani adawerama. Mpaka tsiku limenelo adali asadaikepo nkhono mkamwa, ndipo mbale zimene adadyeramo anthu pa dima adazitaya.

ANagama adakhala ataukumbatira mtsukowo pamiyendo. Onse atatu ankawakonda, onse atatu ankawadziwa zofooka zawo, ndipo kuugawa patatu kukadakhala kuupha mpunga umene adangoupulumutsa kumene. Adawauza kuti abwere mawa. Mawa lake adatinso mawa, uku maso akunka nazima.

Tsono nkhani ndaitula kwa inu, poti mwakhala chete ngati anthu anzeru. Wina adaphika ndi mtima wa chipongwe, wina adadya ndi mtima wa manyazi, wina adadyetsa anzake chimene iye mwini ankanyansidwa nacho. Mukadakhala aNagama, mtsukowo mukadauika m'manja mwa yani?